Munda wa Tiyi m'Mbali mwa Mtsinje: Mbiri ya Aberfoyle ndi New Year's Gift

Nkhani yathu ya lero iri ya malo ena a m'dziko la Zimbabwe, ku malire a kum'mawa, kumene kuli munda wa tiyi dzina lake Aberfoyle. Alendo amapitako kukapumula, kukaona maluwa ndi mbalame, ndi kukayenda m'nkhalango m'mbali mwa mtsinje. Ifenso tipita nawo, koma tipita tiri ndi funso: kodi malo okongola otere anayamba bwanji, ndipo anawakonza ndani? Funso limeneli litikhudza ife olankhula Cinyanja koposa umo ambiri aganizira.

Munthu wocokera ku Mutare atsata mseu wa ku Nyanga, ndipo asanafike ku Nyangako akhotera ku dzanja lamanja. Pamenepo mseu uyamba kutsika mokhotakhota, monga umo utsikira wa ku Chikwawa pocokera ku Blantyre, ndipo mphepo yozizira ya pamwamba itsala m'mbuyo. Pansi pali cigwa ca Honde, cotentha, codzala ndi nthoci, zinanazi ndi mapeyala. Ku dzanja lamanzere kwaima khoma la mapiri, ndipo pa khomapo pagwa mathithi a Mutarazi, amene madzi ake atsika mamita 762. Patsogolo pali phiri la Nyangani, lalitali koposa mapiri onse a m'Zimbabwe, mamita 2,592. Anzathu a ku Mulanje asade nkhawa pomva izi, pakuti Sapitwa alipambana phirili ndi mamita oposa 400.

Cuma conse ca cigwa cimeneci cicokera ku mphepo. Mphepo ya kumwera ca kum'mawa inyamula cinyezi ku nyanja yamcere, niidutsa pa zidikha za Mozambique popanda coitsekereza, kufikira igunda mapiri awa. Apo ikwera, niizizira, niikhuthula madzi ake. Ngakhale m'miyezi ya June ndi July, pamene dziko lonse la kumadzulo liri gwa, kuno kugwa mvula yamawawa imene Ashona aicha guti, ndipo ife tiidziwa ndi dzina la ciperoni. Mbeu ya tiyi ifuna zimenezi: mvula yambiri, nthaka yofiira yakuya, ndi cirimwe cosauma kwambiri. Madzi otsalawo atsikira mu Pungwe, mtsinje wocokera pa Nyangani pomwepo, umene ulandira Honde ku tsidya la malire nukathira m'nyanja ku Beira.

Tikapitirira pa Hauna ndi kuoloka Pungwe, nthoci ziyamba kucepa, ndipo zitunda zonse zibvala tiyi. Amene anafikako ku Thyolo adzayesa kuti wabwerera kwao. Mitengo ya tiyi yaima yolingana pamwamba ngati mphasa yoyalidwa, koma musanyengedwe kuti ndimo umo imamerera. Tiyi ndi mtengo weniweni. Mukausiya, utalika kuposa denga la nyumba. Audulira kuti ufike m'ciuno mwa munthu, kuti dzanja lifikire nsonga zanthete, ndizo masamba awiri ndi kamphukira kapakati. Cotero kusalala kumene mlendo akujambula ndi kamera yake ndiyo nchito ya mipeni ndi zala za anthu, yobwerezedwa caka ndi caka.

Kumapeto kwa mseu, pansi pa phiri, kuli nyumba ya Aberfoyle. Iri ndi khonde lalikulu loyang'ana ku mapiri, kapinga wometedwa bwino, mitengo ya maluwa, ndi bwalo la gofu la maenje 9 lozungulira m'cigwa. Pafupi pomwepo payenda mtsinje wa Nyamkombe, madzi ake oyera ndi ozizira, odumpha pa miyala. Kumtunda kwa nyumbayo kuyamba nkhalango ya Gleneagles, imene ikwera ndi phiri kufikira m'nkhungu. M'menemo muli nchima zolumpha m'nthambi, ndi mbalame zimene anthu acokera nazo kutali kudzaziona. Imodzi mwa izo ndi muimba wacilendo, woyera ndi wakuda, umene ukonda zipatso za mitengo ya mtundu wa kanjedza koposa nyama yakufa.

Maina awiriwa, Aberfoyle ndi Gleneagles, ndi a ku Scotland. Ife sitingadabwe nazo, popeza Blantyre wathu anatengera dzina mudzi umene anabadwira David Livingstone. Koma dzina lacilendo pa nthaka ya Afirika liri ngati cizindikiro ca pa ng'ombe: litiuza kuti panali tsiku limene cinthuco cinasintha mwini.

Mlendo aphunzire kusiyanitsa misinkhu ya zimene akuona, pakuti maso amanama. Nyumbayo ioneka yakale, koma inamangidwa ca m'ma 1960, kuti ikhale kalabu ya Azungu oyang'anira minda. Ndipo masiku amenewo munthu wakuda analowa m'nyumba zotere ngati wophika kapena woperekera zakudya basi. Tiyi anayamba kubzalidwa m'cigwa muno m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinakhala kuyambira 1953 kufikira 1963. Ngakhale mitengo iri ya mitundu iwiri. Bulugama woima m'mizere anabzalidwa ndi kampani kuti akhale nkhuni, cifukwa fakitale ya tiyi imadya moto usana ndi usiku poumitsa masamba. Nkhalango ya m'makwalala ndi m'zigwembe, ya mitengo yopiringizika ndi zilambe, ndiyo yokha imene sinabzalidwe ndi munthu. Pamene pali tiyi lero, pambiri panali nkhalango yonga imeneyo, kapena minda ya mapira ndi cimanga.

Pakuti dziko ili silinali lopanda anthu. M'mapiri a Nyanga muli mizere ya miyala yochinga nthaka, ndi ngalande zakale zotengera madzi ku minda, zimene anthu anakonza zaka mazana angapo Mzungu asanafike. Cigwa ca Honde cinali m'dera la Amanyika a Mfumu Mutasa. M'caka ca 1890 anthu a Cecil Rhodes anapangana naye Mutasa, ndipo m'caka ca 1891 Angerezi ndi Apwitikizi analemberana pangano lodula malire. Ndi pangano lomwelo limene linadulanso malire a Nyasaland ndi Mozambique. Mzere unadutsa pakati pa abale. M'caka ca 1917 anthu a ku Barwe anaukira Apwitikizi cifukwa ca nchito yokakamiza, ndipo atagonjetsedwa ambiri anathawira ku mapiri ano. Pambuyo pake lamulo logawa dziko la 1930 linapatsa Azungu nthaka yabwino ya pamwamba, ndipo mabanja ocotsedwa kumeneko anatsikira m'cigwa cotentha ca malungo. Pamene makampani a tiyi anafika, anapeza anthu opanikizana kale.

Koma tiyi wa m'Zimbabwe sanayambire ku Honde ai. Kuti tipeze ciyambi cake tiyenera kubwerera ku Mutare ndi kulowera kumwera, ulendo wa makilomita pafupifupi 180, kufikira ku Chipinge, dziko la Andau. Kumeneko kuli mtsinje wina, Tanganda, wothira mu Save, ndipo m'mbali mwake muli munda wakale dzina lake New Year's Gift, ndiko kunena mphatso ya Caka Catsopano.

Dziko la Chipinge liri ndi cibale ndi mbiri yathu. Pamene Zwangendaba anathawa nkhondo za Shaka naoloka Zambezi m'caka ca 1835, mnzake Soshangane anatsala kumwera kwa mtsinjewo nakhazika ufumu wa Gaza. Mdzukulu wake Ngungunyana anali ndi mudzi wake waukulu pafupi ndi mapiri a Chipinge kufikira 1889, pamene anasamukira kumwera. Apwitikizi anamgwira m'caka ca 1895. Atangocoka iye, kunabwera ena. Thomas Moodie anatsogolera ngolo za ng'ombe kucokera ku Orange Free State m'caka ca 1892, nafika m'mapiri awa mu January 1893. Banja liri lonse linadzipimira malo a maekala oposa 6,000, pamodzi ndi midzi imene inali m'menemo, ndipo eni nthaka anasanduka alendi ogwira nchito kuti asacotsedwe. A ku Thyolo ndi Mulanje safuna kuwamasulira zimenezi. Kwao zinachedwa thangata.

Patapita zaka 31, m'caka ca 1924, Azungu awiri amene analimapo tiyi ku Assam m'dziko la India, Arthur Ward ndi Grafton Phillips, anayamba nchito pa New Year's Gift. Njere za tiyi zinabwera m'bokosi kucokera ku Assam komweko, ndipo amene anazinyamula ndi Mai Florence Phillips. Kunena zoona, malowo sanali oyenera tiyi. Ali m'munsi, ngotentha, ndipo mvula yake njosakwanira. Munthu wodziwa tiyi akadawaseka. Koma iwo anapatutsa madzi a Tanganda m'ngalande nathirira mbande zao monga tithirira dimba, ndipo mbandezo zinakula. Apa mpamene ndiona nzeru yao yeniyeni: sanadikire mitambo, anakhulupirira mtsinje. Kampani imene inakula pa ciyambi cimeneco inatenga dzina la mtsinjewo, ndipo kufikira lero munthu wa ku Zimbabwe akanena Tanganda atanthauza tiyi, ngakhale sanauonepo mtsinjewo. Pambuyo pake kampaniyo inakwera ku zitunda za mvula yambiri pafupi ndi malire, nitsegula minda ya Ratelshoek, Jersey ndi Zona, ndipo a banja la Meikle analowetsamo ndalama zao.

Tisaiwale kuti pa nkhani ya tiyi mkulu ndi Nyasaland. Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje m'caka ca 1891, ndi njere zocokera ku mitengo ya pa Mishoni ya Blantyre, zaka zoposa 30 bokosi la Mai Phillips lisanafike ku Tanganda. Pamene Rhodesia anali kuphunzira kudulira, ku Mulanje ndi ku Thyolo kunali kale akapitao odziwa nchito yonse, kuyambira ku nazale kufikira ku ng'anjo.

Wofika ku Chipinge asabwerere asanaone nkhalango ya Chirinda, pa phiri la Selinda, pafupi ndi mishoni imene Amereka anatsegula m'caka ca 1893. M'kati mwake muli mtengo wochuka umene aucha Big Tree, wa msinkhu woposa mamita 60, ndipo Boma linauika m'gulu la zinthu zosungidwa za dziko. Mlendo wa kwathu akauyang'ana makungwa ndi masamba adzauzindikira msanga: ndi mbawa, womwe uja timapala mitondo ndi mabwato, koma wosiyidwa zaka mazana ambiri osaona nkhwangwa. Pafupi ndi nkhalangoyi panakhala Charles Swynnerton kuyambira ca m'ma 1900, amene analemba maina a mitengo ndi mbalame za m'menemo. Kambalame kena ka m'nkhalango zimenezi kachulidwa ndi dzina lake. Iye anapita ku Tanganyika kukalimbana ndi kashembe, nafa pa ngozi ya ndege m'caka ca 1938.

Tsopano tifike pa mtima wa nkhani yathu, ndiwo anthu. Tiyi ndi mbeu yadyera pa manja. Mbande ikabzalidwa, papita zaka zitatu kapena zinai isanayambe kubweza kanthu. Ikayamba, nthawi ya dzinja iphuka msanga kotero kuti munda womwewo uyenera kuthyoledwa pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Mukacedwa, masamba akhwima ndipo mtengo wake ugwa. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, pafunika makilogalamu anai ndi theka a masamba aawisi. Masambawo ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, kumene awayanika kuti afote, nawadula m'makina, nawasiya kuti afiire, nawaumitsa ndi mpweya wamoto. Ndipo nthawi imene tiyi afuna manja ambiri, kuyambira December kufikira April, ndiyo nthawi yomweyo imene mlimi afuna kupalira cimanga cake. Cifukwa cake eni minda sanathe kudalira anthu a m'midzi yapafupi okha. Anafuna munthu amene munda wake uli kutali, wosatha kuthawira kwao mvula ikagwa.

Munthu wotere anapezeka ku Mozambique, ndi ku Nyasaland. Komiti ya Travers Lacey inapeza m'caka ca 1935 kuti amuna a ku Nyasaland okhala kunja kwa dziko anali ngati 120,000, ndi kuti midzi yambiri inatsala ndi akazi, ana ndi nkhalamba. M'caka ca 1936 maboma a Nyasaland ndi Rhodesia ziwiri anapangana za kayendedwe ka anchito, ndipo Southern Rhodesia anaika malole onyamula anthu mosalipira, amene anthu anawacha Ulere. M'caka ca 1946 kunabadwa bungwe lolemba anchito limene kwathu linadziwika ndi dzina la Mthandizi. Ambiri anadzera ku Tete ndi ku Mutoko, citupa m'thumba, namwazikana m'migodi, m'minda ya fodya, ndipo ena m'minda ya tiyi ya kum'mawa. Moyo wao unali wa tikiti ndi phoso: kalaliki alemba tsiku pa tikiti, tikiti ikadzala masiku 30 ndiye malipiro, ndipo pa sabata alandira ufa, nyemba ndi mcere. Ena anabwerera ndi njinga ndi makina osokera. Ena anakwatira komweko, nabala ana, nakalamba. Amenewo ndiwo machona. Ashona anawapatsa dzina la Mabhurandaya, ndiko kuti anthu a ku Blantyre, ngakhale munthuyo acokere ku Mzimba kapena ku Dedza.

Panalinso manja ena aang'ono. Minda ya Tanganda inali ndi masukulu ogonera komweko, kumene ana anathyola tiyi gawo lina la tsiku naphunzira gawo lina, ndipo malipiro ao analipira sukulu ndi cakudya. Anthu anatsutsana kwambiri za dongosolo limeneli. Ena anati ana amasiye ndi a osauka, amene sakadaona khomo la sukulu, anatulukamo aphunzitsi ndi anamwino; ndipo izi nzoona. Ena anati mwana amene wadzuka mbandakuca nanyamula dengu pa mame safika m'kalasi ndi mutu wabwino. Ndipo ali yense amene anaimapo patsogolo pa ana otopa adziwa kuti izinso nzoona. Ine ndiona kuti ubwino wa dongosololi unacokera ku umphawi wa dziko, pakuti mwana sayenera kugula ndi msana wake cimene anzake alandira cabe. Linalekeka m'zaka za m'ma 2010.

Tibwerere ku Honde, pakuti kumeneko ndiko anchito a tiyi analipira mtengo woposa. Mozambique atalandira ufulu m'caka ca 1975, cigwa ici cinasanduka khomo la nkhondo. Kumpoto kwake, Mfumu Rekayi Tangwena, amene Boma linamgwetsera midzi pa Gaeresi kuyambira 1969 koma iye nakana kucoka pa nthaka ya makolo ake, anaolotsa Robert Mugabe ndi Edgar Tekere kupita ku Mozambique mu April 1975. Anyamata ambiri anatsata njira zomwezo, nabwerera ndi mfuti. Wanchito wa pa munda wa tiyi anakhala pakati pa moto uwiri. Ankhondo a ufulu anati asagwirire nchito Mzungu. Asilikali a Boma anati ali yense wopatsa cakudya a m'chire ndi mdani. Mwini dziko akadatha kuthawira ku mudzi wa amalume ake. Mlendo analibe kothawira. Usiku wina mu December 1976, pa munda wina wa tiyi m'cigwa muno, amuna 27 anatulutsidwa m'komboni naomberedwa, akazi ndi ana ao akuona. Boma la Ian Smith linalengeza kuti anawapha ndi ankhondo a ZANLA cifukwa anakana kuleka nchito. Ophedwawo sanali asilikali. Anali anchito wamba. Pambuyo pake anthu a m'cigwa anasonkhanitsidwa m'midzi yozingidwa ndi waya, imene anaicha makipu, ndipo minda yao inamera chire kufikira nkhondo inatha, dziko nililandira ufulu m'caka ca 1980. Wolemba mbiri Heike Schmidt anatulutsa buku la masautso a cigwa cimeneci m'caka ca 2013.

Kapinga wa pa Aberfoyle sanena kanthu za izi, ndipo sitingamuimbe mlandu. Koma ndiyesa kuti mlendo amene amwa tiyi pa khonde lija osadziwa za December 1976 waona theka la malowo.

Zaka za mtendere zinabweretsa zosintha. Alimi a m'midzi ya Honde analowa nawo ulimi wa tiyi pa minda yao ing'onoing'ono, nagulitsa masamba ku fakitale ya kampani, monga acitira anzao a ku Mulanje. Koma ambiri anapeza kuti nthoci zibweza ndalama msanga. Munda wa Katiyo, umene Boma linatsegula ca m'ma 1970 pafupi ndi malire, unafooka m'zaka za mabvuto a cuma za m'ma 2000. Ku Chipinge makampani anazula tiyi wina nabzala makadamiya ndi mapeyala, ndipo mu March 2019 namondwe wa Idai anagumula mapiri ndi milatho ku Chimanimani ndi ku Chipinge, napha anthu mazana. Mphepo yomwe ija yopatsa tiyi moyo inaonetsa nkhope yake ina.

Cibale ca Honde ndi Mulanje sicinathe. Bungwe lofufuza za tiyi la Tea Research Foundation of Central Africa, lokhazikitsidwa m'caka ca 1966 ku Mulanje, linatulutsa mitundu yatsopano ya tiyi yobzala ndi timitengo todula m'malo mwa njere, ndipo mitundu imeneyo inabzalidwanso m'minda ya Zimbabwe. M'zaka za m'ma 2010 kampani imodzi ya ku Britain, PGI, inali ndi minda ya Eastern Highlands ku Honde ndi minda ya Lujeri ku Mulanje pamodzi. Kampani yomweyo inaika makina a magetsi pa mitsinje ya m'cigwa, kuyambira pa Nyamingura m'caka ca 2010 kufikira pa Pungwe, pamene makina a mamegawati 15 anayamba nchito m'caka ca 2015, ndipo pambuyo pake inacita cimodzimodzi pa Ruo ku Mulanje. Madzi amene anakopa obzala tiyi tsopano ayatsa nyali m'matauni.

Nanga ana a machona? M'caka ca 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu ambiri obadwira m'Zimbabwe, amene makolo ao anacokera ku Malawi, Mozambique kapena Zambia, anauzidwa kuti ndi alendo kufikira atakana unzika wa dziko limene sanalipondepo. Pa ziphaso zao panalembedwa cizindikiro ca mlendo, ndipo anataya mphamvu yoponya voti. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabweza unzika kwa munthu wobadwira m'Zimbabwe amene kholo lake linacokera ku maiko oyandikana a SADC. Koma kuti munthu alandire ciphaso catsopano afunika kalata ya kubadwa, ndipo ambiri a m'makomboni anabadwira m'nyumba ya udzu kuseri kwa fakitale, kumene kalaliki analemba makilogalamu a mai wao tsiku ndi tsiku, koma palibe analemba tsiku limene mwanayo anabadwa.